Kodi Imvi Zifuna Nsaru Yotani?

Pali mlandu umene suweruzidwa pa bwalo la mfumu, koma umveka m'nyumba zambiri, ndi pa msika pamene agulitsa zitenje, ndi pa khonde la telala. Mlanduwo ndi uwu: kodi nkoyenera kuti munthu amene imvi zamera pamutu pace azisamalabe maonekedwe ace, ndi kusankha nsaru yomkhala ndi zodzola zomuyenera, kapena zimenezi nza acinyamata okha, ndipo wamkuru akazitsata adzicotsa ulemu? Ena adzati nkhani iyi njacabe, yosayenera kutayirapo pepala. Koma ife tiyesa kuti pansi pace pagona zinthu ziwiri zolemera, ndizo coonadi ndi ulemu. Cifukwa cace tifuna kuifotokoza bwino, kuti amai ndi abambo ofika msinkhu aiganizire, pamodzi ndi ana ao amene awagulira zobvala.

Mau awiri otsutsana

Mau oyamba ndi a iwo amene ati, "Mwakula, mukometsera yani?" Iwowa afuna kuti mai akangoona mdzukuru aleke nsaru zowala, abvale zakuda ndi zotuwa zokhazokha, asayang'anenso pa kalirole, ndipo akaona gogo atamanga duku lofiira aseka, nati, "Nkhalamba iyi siidziwa msinkhu wace." Mau aciwiri ndi a ogulitsa, amene zithunzi zao tiziona m'masitolo ndi pa mafoni. Iwo ati, "Musalole ukalamba kuoneka, detsani tsitsi, yeretsani nkhope, bvalani monga abvala ana anu."

Ngakhale mau awa amveka otsutsana, aphuka pa tsinde limodzi. Pakuti onse awiri ayesa kuti kukongola ndi cuma ca ana okha, ndi kuti ukalamba ndi cinthu ca manyazi. Woyambayo ati, popeza nca manyazi, khalani kumbuyo. Winayo ati, popeza nca manyazi, cibiseni. Ife tikana tsinde lomwelo. Munda ukoma m'January pamene cimanga ciri cobiriwira. Ukomanso m'May pamene cauma, ndipo nkhokwe ziciyembekeza. Palibe mlimi wanzeru amene anyoza munda wace cifukwa cimanga cakhwima, ndipo palibenso amene atenga utoto wobiriwira kukapaka mapesi.

Zimene zisintha pa thupi

Tisanaweruze mlandu, tiyambe taona cimene cicitika pa thupi zaka zikacuruka. M'tsinde mwa tsitsi liri lonse muli tizinthu tating'ono topanga utoto wakuda, umene madokotala aucha melanin. Munthu akamakula tizinthuto ticepa ndi kuleka nchito yao, ndipo tsitsi limera lopanda utoto. Zimenezo ndizo imvi. Kwa ena zidza msanga, kwa ena mocedwa, kawirikawiri monga mwa mtundu wa makolo ao. Khungu nalonso licepa mafuta ace, liuma, lipyapyala. Ndipo pa ife a khungu lakuda kuumako kuoneka ngati phulusa, ndiko kutuwa kumene tikudziwa bwino m'miyezi yozizira ya June ndi July. Makwinya aponya timithunzi pansi pa maso ndi m'mbali mwa kamwa, ndi milomo icepa.

Cotsiriza ndi cimene ambiri sacidziwa: diso lomwe lisintha. M'kati mwa diso muli kagalasi koonekera ngati madzi pa ubwana, kamene pang'ono pang'ono kasanduka kacikasu. Cifukwa cace wokalamba abvutika kusiyanitsa buluu wakuda ndi cakuda ceniceni, ndipo nsaru yapepo imuonekera yosuluka. Tsono ngati tsitsi lasintha, khungu lasintha, ndi diso loweruza lasinthanso, nkosadabwitsa kuti nsaru imene inamkhala mai ali ndi zaka 25 imkana ali ndi zaka 65. Nsaruyo siinalakwe, mainso sanalakwe; cimene catha ndi mgwirizano umene unali pakati pao.

Phunziro la m'nyumba ya oomba nsaru

Kuti timvetse mgwirizano umenewu, tipite pang'ono ku Paris, m'dziko la France, kumene munthu wina anaufufuza kale. Kumeneko kuli nyumba ya boma yochedwa Gobelins, m'mene aomba nsaru zazikuru za zithunzi, zopacika pa makoma. M'caka ca 1824 anaika Michel Eugène Chevreul, katswiri wa mankhwala, kuti ayang'anire nchito ya kunyika ubweya mu utoto. Panali dandaulo lakuti ubweya wakuda wa m'nyumbamo sunali kuda bwino. Iye anauyesa, naulinganiza ndi ubweya wa kwina, napeza kuti utotowo unalibe cirema. Bvuto linali m'maso a openya: ulusi wakuda womwewo, ukakhala pafupi ndi buluu kapena pepo, unaoneka wofooka ngati wosuluka. M'caka ca 1839 anasindikiza buku pa nkhaniyi, ndipo ciphunzitso cace cacikuru ndi cakuti palibe mtundu umene uoneka pa wokha. Uli wonse usinthidwa ndi mnansi wace. Munthuyu anaudziwanso ukalamba, pakuti anamwalira m'caka ca 1889 ali ndi zaka 102.

Yesani nokha. Dulani tizigamba tiwiri pa nsaru imodzi yotuwa. Ikani kamodzi pa nsaru yoyera, kena pa nsaru yakuda. Ka pa yoyera kadzaoneka kakuda koposa kanzace, ngakhale munatidula pamodzi. Momwemonso nkhope. Duku, bulauzi, ndi kolala ya malaya ndiwo anansi a nkhope, ndipo aikweza kapena kuitsitsa. Citenje ca m'cuuno ciri kutali ndi nkhope. Kumeneko bvalani ciri conse cimene mtima wanu ukonda. Koma cimene cikhudza khosi ndi mphumi, cimeneco cisankheni ndi nzeru, pokumbuka kuti imvi zikamera nkhope yalandira mnansi watsopano amene sadzacokanso.

Mitundu imene iyanjana ndi imvi

Nanga mitundu yoyenera ndi iti? Lamulo limodzi la anthu onse palibe, pakuti khungu lakuda liri la mitundu mitundu: lina lipendekera ku kufiira, lina ku cikasu, lina lada bii. Koma zina tingathe kuzinena. Mitundu yofanana ndi kutuwa, ndiyo ya phulusa, ya khaki, ndi ya khofi wosuluka, ionjezera kutuwako, ndipo munthu aoneka ngati wodzuka pa mphasa ya matenda, kapena wocokera ulendo wa pfumbi. Cakuda bii ca pakhosi cizamitsa mithunzi ya makwinya. Wofuna kubvala cakuda aike coyera kapena cowala pakati pa ico ndi nkhope yace.

Mitundu yokhwima ndi yodzala ndiyo ibweza moyo pa nkhope: kufiira kwa cidede, kubiriwira kwa masamba a mango, pepo wa mabiringano, cikasu ca dzungu lakupsa, ndi buluu wa nyanja dzuwa liri pamutu. Buluu makamaka akometsa khungu la khofi, monga mwa ciphunzitso ca Chevreul uja. Pakuti diso likaona buluu lionjezera kufiirira pa cimene ciri pambali pace. Coyera mbee ciponya kuwala pa nkhope, ndipo ciyanjana ndi imvi monga abale a bere limodzi. Amene anaonapo amai a Mvano ali pamodzi, ndi mabulauzi ao ndi maduku ao oyera, adziwa kuti okalamba omwe aoneka owala pakati pao. Za maanga a nsaru tingoti: nkhope imene zaka zailembapo mizere yambiri ipumula bwino pafupi ndi maluwa akuru odekha, koposa pafupi ndi timaanga tambirimbiri topiringizana.

Za zodzola lamulo ndi ili: zaka zikacuruka, mafuta acuruke, zopaka zicepe. Mdani wa khungu lokalamba ndiye kuuma; ndipo mafuta wamba, odzola munthu atangosamba khungu likadali lacinyezi, acita zambiri koposa mabotolo a mtengo wapatali. Paudala woyera koposa khungu akhala pa nkhope ngati ufa pa mtondo, nalowa m'makwinya, nawaonetsa onse amene mwini wace anafuna kuwabisa. Wofuna paudala asankhe wofanana ndi khungu la pa cibwano ndi pakhosi, amuyese panja dzuwa likuwala, ndipo apake wocepa. Milomo, popeza yacepa, utoto wakuda kwambiri uicepsanso. Woyenera ndi umene ufanana ndi mlomo womwe, wongoposa pang'ono kufiira kwace. Ndi nsidze zolembedwa ndi mzere wakuda bii pansi pa tsitsi loyera ziumitsa nkhope, ndipo gogo wa mtima wofatsa aoneka ngati wokalipa.

Abambo asayese kuti nkhani iyi nja amai okha. Jekete lotuwa pamwamba pa malaya otuwa, pansi pa ndebvu zotuwa, licititsa munthu kuzimirira ngati utsi. Malaya oyera kapena abuluu pansi pa jekete lakuda aonetsa ndebvu za imvi monga cinthu ca ulemu.

Kodi kudzikometsa sindiko kunyada?

Tsopano timve mau a wotsutsa, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Pafupi ndi caka ca 200 Tertullian, mphunzitsi wa ku Carthage, kumpoto kwa Afrika, analemba za kabvalidwe ka akazi. Iye anadzudzula kupaka nkhope, ndi kusintha mtundu wa tsitsi, ngakhalenso kunyika ubweya mu utoto, poganiza kuti Mlengi akadafuna nkhosa zapepo kapena zabuluu akadazilenga zotero. Mau amenewa tisawataye msanga. Nzoonadi kuti ziripo nyumba zimene ndalama ya feteleza ndi ya sukulu ithera m'mabotolo. Alipo amene abvala kuti apweteke mitima ya anzao osauka. Ndipo akuru anatiuza kale za cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tikatsata ganizo la mphunzitsiyo kufikira kumapeto ace, tidzaleka kuphika nsima, popeza cimanga sicimera cophika. Tidzalekanso kuzira nyumba, popeza dothi silidzizira lokha. Mai amene azira khonde lace, nalemba maluwa pa khoma ndi dothi loyera ndi lofiira, sitimucha wonyada. Timucha waukhondo, ndipo alendo akondwa kukhala pakhomo pace. Thupi ndilo nyumba imene munthu akhalamo masiku ace onse. Ndipo nyumba yakale ndiyo ifuna kuzira koposa yatsopano. Kunyada kukhala mu mtima. Kungabvale silika, kungabvalenso sanza.

Makolo athu sanaone colakwa pa kudzikometsa. Anasula ciwondo ca khungwa la mtengo, anaomba nsaru za thonje, anadzola mafuta a nsatsi, anatunga mikanda, anatema mphini. M'caka ca 1859 David Livingstone anapeza amai a Cimang'anja, kufupi ndi mtsinje wa Shire, atabvala pelele pa mlomo wa m'mwamba, ndipo pa masiku awo cimeneco cinali kukongola. Lero palibe mdzukuru wao amene angacilole. Tiphunzirapo kuti kufuna kuoneka bwino nkwa mibadwo yonse, koma kabvalidwe ka nyengo imodzi kapita ndi nyengo yace. Cotero sikangakhale woweruza wathu. Agogo a agogo athu analibenso mitundu yambiri yosankhapo. Nsaru za amalonda zinali makamaka biriwita wakuda ndi merekano woyera. Koma kuyambira caka ca 1856, pamene William Perkin, mnyamata wa zaka 18 wa ku London, pofuna kupanga kwinini wa malungo anatulukira utoto wapepo wocokera ku phula la malasha, mitundu yacuruka ndi kutsika mtengo, kufikira lero ngakhale pa kaunjika iri mbwee. Amene wapatsidwa zambiri zosankhapo afunika nzeru yoposa.

Malire a kukometsa ndi kunama

Nzeruyo igona pa kudziwa malire. Kukometsa ndiko kutenga cimene ciripo ndi kucionetsa bwino. Kunama ndiko kukana cimene ciripo. Duku labuluu pamwamba pa imvi linena kuti, Taonani, ndakula, ndipo ndikondwera nako. Limenelo ndi coonadi cobvala bwino. Koma pali zina zimene zinena kuti, Sindinakule. Kapena, Sindine wakuda. Munthu adzifunse mafunso awiri pa ciri conse apaka. Loyamba: cinthu ici cikandisowa mawa, kodi ndidzaopa kuturuka m'nyumba? Laciwiri: kodi cindisiya wamoyo monga cinandipeza? Cimene cimanga munthu ndi mantha casanduka mbuye wace, ndipo cimene ciononga thupi sicingachedwe cokometsa.

Pa za kudetsa tsitsi sitiweruza munthu. Ena imvi ziwadzera ali ndi zaka 30, ndipo ali ndi zifukwa zao. Koma adziwe mtengo wace. Tsitsi limera pafupifupi sentimita 1 pa mwezi. Cotero pakangopita masabata 2 kapena 3 mzere woyera uturuka m'tsinde, nuulula cinsinsi, ndipo nchito iyambanso kopanda cimariziro. Tsitsi lakuda bii ngati polishi wa nsapato, pamwamba pa nkhope ya zaka 70, lionetsa makwinya koposa m'mene imvi zikadacitira. Apanso mnansi aulula mnzace. Ndiponso mankhwala ambiri odetsa tsitsi ali ndi cinthu cochedwa PPD, cimene kwa ena citupitsa nkhope ndi kuturutsa matuza. Ndico cifukwa cace opanga alangiza kuyesa pang'ono pa khungu ndi kudikira maora 48.

Koma pa za mafuta oyeretsa khungu tinena mosabisa, kuti amenewa adutsa malire onse awiri. Ambiri a iwo ali ndi hydroquinone, kapena mercury, kapena mankhwala a steroid. M'caka ca 1975 madokotala a ku South Africa analongosola nthenda ya iwo amene anadzola hydroquinone zaka zambiri: masaya ada ndi zigamba zonga mwaye, zobvuta kucotsa, ndipo m'caka ca 1990 dzikolo linaletsa mankhwalawo m'zodzola. Mercury aononga impso ndi mitsempha. Ndipo pangano la maiko la Minamata, la caka ca 2013, linaika zodzola zotere pakati pa zinthu zoyenera kuletsedwa. Steroid apyapyalitsa khungu, limene pa wokalamba lapyapyala kale. Melanin yemweyo amene mafutawa amthamangitsa ndiye cikopa ca khungu pa dzuwa. Taonani tsono mphotho ya kunama: munthu anafuna kuyera, nalandira kuda kwa mawanga, anakana nkhope imene anabadwa nayo, natsala ndi ina imene sanaifune.

Kudzitaya, ndi mangawa a ana

Tabwera tsopano ku mbali ina ya mlandu, imene ife tiyesa njolemera koposa. Pa wokalamba mmodzi amene adzipaka mopitirira, alipo ambiri m'midzi mwathu amene alibe ndi mafuta omwe. Ena anadzitaya okha atamva mau aja akuti, "Mukometsera yani?" Ambiri anatayidwa ndi ana ao. Funso lija tiliyankhe: wokalamba akometsera anthu amene amuona. Elizabeth II, mfumukazi ya ku Britain, amene anamwalira m'caka ca 2022 ali ndi zaka 96, anadziwika ndi zobvala za mitundu yowala kufikira ukalamba wace, ndipo cifukwa cace cinali cakuti anthu oima kutali m'khamu athe kumuona. Gogo wa m'mudzi nayenso ali ndi khamu lace: adzukuru amene aphunzira kwa iye ngati kukula ndi dalitso kapena tsoka, anamwali amene awalangiza, ndi anamfedwa amene akhala nao pa siwa. Kubvala bwino pamaso pao ndiko kuwapatsa ulemu.

Ndipo pali coopsa cimene sitingacibise. Wokalamba wosiyidwa yekha, wotuwa mbuu, wa nsaru yong'ambika, anthu ayamba kumnyansidwa. Kunyansidwa kubala mantha, ndipo mantha abala dzina loipa la ufiti. Lamulo la caka ca 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti; koma m'caka ca 2016, ku Neno, okalamba 4 anaphedwa ndi anthu a kwao pa cifukwa comweco. Mwazi wotere uli pa opha ndi pa onamizira, ndipo palibe nsaru imene ingateteze munthu ku mtima woipa. Komabe mudzi uyang'ana m'mene ana asungira kholo lao. Gogo wosamba, wodzola, womanga duku latsopano, aoneka kuti ali ndi eni ace. Ndipo pakamwa pa anthu pacedwa kumnenera zoipa. Tinena kuti akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo likauma cifukwa ca kusasamala kwathu, moto udzazimira kuti?

Cifukwa cace, inu ana, pogulira mai wanu citenje musatole cimene catsala pansi pa mulu, ndi kunena kuti, "Nca agogo, ciri conse cikwana." Afunseni mtundu umene aukonda, mwina mudzadabwa kumva kuti mtima wao ukadali pa cofiira. Onjezanipo sopo ndi botolo la mafuta, makamaka nyengo yozizira ikayandikira. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Ndi inu amai ndi abambo a imvi, posankha nsaru musaweruze m'kati mwa sitolo, m'mene nyali zinyenga maso. Turukani nayo panja, muiike pansi pa cibwano, ndipo muyang'ane nkhope yanu, osati nsaruyo; ngati maso awala ndi khungu lioneka lamoyo, imeneyo njanu. Popeza diso lokalamba lingaphonye, tengani mnzanu wonena zoona, wosasyasyalika; pakuti safunsa anadya phula. Musafune nsaru ya nkhope imene munali nayo pa tsiku la ukwati wanu, pakuti nkhopeyo inagwira nchito yace, nipita. Funani nsaru ya nkhope imene muli nayo lero, imene inalera ana, inalira maliro, inaseka pa maukwati a ena. Ndipo mukaipeza, ibvaleni pa Sabata ndi pakati pa sabata pomwe, musaisungire m'bokosi tsiku limene inu simudzaiona.